Nkhuku ya Atate, ya Mwana ndi ya Mzimu

A Mkwezalamba, mkulu wa mpingo, anauza Nangondo kuti mwana wake sabatizidwa akapanda kubweretsa nkhuku zitatu: ya Atate, ya Mwana ndi ya Mzimu Woyera.

Nangondo anadikira Lamulungu. Anthu akutuluka m'tchalitchi, iye anagwada pamaso pa abusa, thadzi lili kukhwapa.

"Abusa, ndithandizeni, ndili ndi imodzi yokhayi. Kodi Atatuwa amadya aliyense payekha? A Mkwezalamba akuti aliyense akufuna nkhuku yake."

Abusa anatembenukira pang'onopang'ono kwa a Mkwezalamba, amene anaima pambali pawo. "Akulu, Milungu yakhala itatu liti?"

"Ndi mmodzi, abusa, mmodzi yekha!" anatero a Mkwezalamba, thukuta lili kamukamu. "Ndiponso sadya nkhuku! Mwanayo abatizidwe basi!"

"Mwamva nonse," anatero Nangondo. Kenako analisisita thadzi lija. "Tiye kwathu iwe, ukaikire."