Mafosholo Khumi a Kamphinda

Panali munthu wina wokumba mchenga, dzina lake Kamphinda. Ankakhala patsinde pa phiri. Mchengawo ankaukumba mumtsinje wouma n'kuupakira m'ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, Bantomu ndi Sikochi.

Ali mnyamata anaonapo mphezi ikung'amba mtengo wa mbawa kutsidya kwa dambo. Mtengowo unagawika pakati kuli zii, bingu n'kudzamupeza atameza kale malovu kawiri. Kuyambira tsikulo anali ndi mawu ake: "Ukamva kugunda wapulumuka, chakupha chadutsa kale." Ndipo sikuti ankanama. Mphezi imalisiya bingu m'mbuyo ngati mwana wotopa panjira. Anzake akamabisala mvula ikugunda, iye ankangowaseka.

Tsono tsiku lina mu Januwale, masana, dzuwa likuswa mtengo, anali mumtsinje muja. Kumusi kuno kunalibe ngakhale dontho, koma pamwamba pa phiri panali mtambo wakuda bii kuyambira m'mawa. Mkazi wake, Nasimango, anali atangofika kumene ndi chinangwa chophika m'kambale.

Kenaka kunamveka kugunda. Osati kwa kumwamba ayi, kwa pansi, ngati chigayo chakutali. Ndipo sikunaleke. Sikochi anayamba kupalasa mchenga. Mbalame zinatuluka m'mabango zonse nthawi imodzi.

"Bambo a Lusiya, ili si bingu," anatero Nasimango. "Bingu limapuma. Masulani ng'ombe tikwere kumtunda."

Koma Kamphinda anagwiritsa mawu ake aja. Anati poti amva, ndiye kuti chadutsa, ndipo kwangotsala mafosholo khumi kuti ngolo idzaze. Mkaziyo anasiya kambale pansi n'kukwera yekha, akumuitanabe.

Anaponya fosholo yoyamba. Yachiwiri. Pa yachitatu, mphepo yozizira yonunkha dothi inamuomba kumaso. Potukula mutu anaona pokhotera mtsinje chikhoma cha matope chikubwera, mitengo itaimirira m'katimo ngati ikuyenda yokha, miyala yaikulu ngati nkhokwe ikugundana. Anali napolo, madzi aja ogumula phiri.

Anathamanga, koma mumchenga mwendo suthamanga. Anafika pagombe madzi ali kale m'chiuno. Nasimango anakola mkono kumuzu wa mkuyu n'kumuponyera chitenje, ndipo anamukoka mpaka zikhadabo kuthyoka. Ng'ombe zinali zikadali m'goli. Kamphinda anamva Bantomu akulira kamodzi kokha.

Gudumu limodzi la ngolo linapezeka masana omwewo kumlatho wa kumsika. Ngoloyo kuti ifike kumeneko inkayenda kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Abale anga, Kamphinda sanali chitsiru. Anadziwa choona chimodzi, n'kuchiyesa muyeso wa zonse. Zilipo zoopsa zothamanga kuposa phokoso lake. Zimenezo timangozisiya m'manja mwa Mulungu. Koma zina amazitumizira mthenga patsogolo, ndipo chimenecho ndi chifundo. Chifuwa chija chatha mwezi chisanapole. Mwana wanu uja wasiya kuyankhula pakhomo. Mng'alu uja ukukula pakhoma la chipinda chogona ana. Musamati poti ndamva, chadutsa. Chikubwera.

Inu amene mukumva kugunda lero, mwatsala ndi mafosholo angati?