Ngalande Yolambalala Mabango

Panali munthu wina, mlimi wa ndiwo zamasamba, amene dimba lake linali kumunsi kwa sukulu yogonera konko. Madzi a m'zimbudzi za pasukulupo ankatsikira komweko, koma asanafike kumadimba ankayamba adutsa m'dambo lochita kukumba. Anthu odziwa anathiramo miyala ndi mchenga, n'kudzalamo mabango. Madzi ankalowa akununkha, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mizu. Mmenemo mabango ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zinkachotsa nayitirojeni, mchere womwe uja timaulirira m'thumba la feteleza.

Mlimiyu sanali woipa mtima. Anali wochenjera, ndipo ine anthu ochenjera ndimawaopa. Anaona kuti udzu wa polowera madzi uli wobiriwira bwino, pamene mpiru wake uli wachikasu. Mtima unamuwawa.

"Feteleza yense uyu azingodya mabango?" anatero.

Anatenga khasu, n'kukumba ngalande yolambalala dambo lija. Madzi anathamangira m'dimba osadutsanso m'mizu. Mpiru unanenepa, masamba ngati makutu a njovu, ndipo anzake ankachita kuima panjira n'kumasirira.

Koma kumunsi kwa dimbalo kunali chitsime chimene banja lake linkamwa. Madzi aja analowa pansi mwakachetechete mpaka anachipeza. Madzi a m'chitsimemo sanasinthe mtundu. Sananunkhe.

Pakhomopo panali khanda, mdzukulu wake. Mayi wa mwanayo ankadwala ndipo mawere anauma, choncho mkazi wa mlimi uja ankasungunula mkaka wa m'chitini ndi madzi a pachitsimepo. Anali mayi waukhondo. Ankawiritsa madziwo mpaka kubwata, osadziwa kuti moto umapha tizilombo koma mcherewu suuchotsa. Madzi akamaphwera mumphika, mchere umatsala momwemo.

Tsiku lina mwana analeka kulira. Milomo inada bii, tizala tinazizira, mpweya unkangobwera mobanika. Mkazi wa mlimi uja anakuwa, mwamuna wake anathamanga kuchokera kudimba matope ali m'miyendo. Anamunyamula mwanayo, ndipo njira yonse ankaika khutu pachifuwa kuti amve ngati akupumabe. Anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Kuchipatala anati magazi a mwanayo akukanika kunyamula mpweya, vuto limene limabwera mchere uja ukachuluka m'madzi akumwa. Namwino anafunsa funso limodzi lokha: "Madzi mumatunga kuti, bambo?"

Mlimi anayang'ana matope a m'miyendo mwake. M'maso mwake munangobwera ngalande ija.

Anasiya mwana ali pa makina opumira, n'kuthamangira kudimba. Anakwirira ngalande yonse, kupondaponda dothi mpaka thukuta kuti kamukamu. Madzi anabwerera m'mabango. Kenako anapita pachitsime n'kusuzumira. Madzi anali mbee, okoma m'maso ngati kale, ndipo zimene zinalowa pansi khasu silikanazitulutsa. Anakhala pansi pomwepo, akuyang'ana njira yochokera kuchipatala. Aliyense wotulukira panjirapo ankamuona ngati wabwera ndi uthenga wa maliro.

Inu amene mukundimvera, pali zinthu zimene zinaikidwa kuti zikuchedwetseni, ndipo mukaziona mumati zikukudyerani phindu. Musanatenge khasu, funsani kuti chinthucho chimagwira ntchito yanji. Mukatero mutsike kumunsi kwa dimba lanu, mukaone amene amamwa kumeneko. Mwina mukapeza kuti ndi mwana wa m'nyumba mwanu.