Dzimbiri Pansi pa Galimoto ya Wendell

Loweruka lililonse, ena tisanamwe n'khofi yemwe m'katauni kathu ka ku Michigan, Wendell Pruski ankakhala ali kale panja ndi chidebe ndi kansalu. Munthuyo analibe matako okhalira pansi. Apukuta boneti, abwerera m'mbuyo, apendeketsa mutu, apukutanso. Galimoto yake ya zitseko ziwiri, yofiira psuu, inali itayenda mamailosi 270,000, koma pa utoto wake ukanatha kudziyang'anirapo n'kumeta ndevu.

Kwathu kuno aliyense wokhala ndi galimoto yotere amadziwa mwambo wake. Chipale chikayamba kugwa, aboma n'kuyamba kumwaza mchere m'misewu kuti chisungunuke, umaitsekera m'galaja mpaka Epulo, poti mcherewo umadya zitsulo za pansi pa galimoto. Wendell ayi! Tsiku limodzi lokha osamva injini ija ikubangula, ankangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Choncho zaka makumi awiri anaiyendetsa mumchere, akutsuka pamwamba pokha.

Mwana wake mmodzi yekha, Darla, ankakwatiwa mu Juni. Kuyambira ali kamtsikana, bambo akewo ankamulonjeza kuti adzamupereka okha kutchalitchi pa galimotoyo, n'kumugwira mkono mpaka kuguwa. Wendell analibe china chimene ankachilakalaka kuposa chimenecho.

Kutatsala milungu iwiri, anapita nayo kwa mlamu wake Dewey, makaniko, kuti akasinthe oyilo. Dewey ataikweza n'kulowa pansi pake, anaimba mluzu.

"Alamu, tabwerani muone. Mapaipi a mabuleki awa ndi dzimbiri lokhalokha. Ndikangokanda ndi chala akuyoyoka."

"Aaa, inu amakaniko matenda mumawaona paliponse," anatero Wendell akuyendayenda ndi makiyi m'manja. "Galimoto iyi sinandichititsepo manyazi."

"Isiyeni pano mpaka Lolemba, ndiike atsopano."

"Lolemba? Mawa kuli chionetsero cha magalimoto akale kupaki! Tsitsani, tsitsani. Tidzakonza ukwati ukatha."

"Mudzanyamula mwana wa mlongo wanga, alamu, osati thumba la mbatata."

Wendell sanawerame n'komwe kuti asuzumire. Kuchionetseroko anthu anaijambula mpaka kutopa, iye n'kubwerako ndi kachikho ka galimoto yowala kuposa zonse. Masiku otsalawo anathera m'kuthamangathamanga kwa ukwati, ndipo Dewey akaimba foni, yankho linali lakuti mawa.

Tsiku linafika. Darla anakhala kutsogolo, diresi loyera litadzaza mpando, Dewey akutsatira pambuyo pa pikapu yake yakutha. Tchalitchi chathu chili kumunsi kwa chitunda. Pakati pa mtsetsewo Wendell anaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Anapondanso. Palibe. Kutsogolo kunali anthu akuwoloka msewu atavala zaukwati. Anakhotetsa chiwongolero, galimoto n'kudumpha ngalande, kuthyola mpanda, n'kukatitimira m'matope a m'munda wa chimanga.

Mulungu ndi wamkulu, palibe anathyoka. Darla anatuluka mlomo ukutuluka magazi, diresi lili matope mpaka m'mawondo. Dewey anafika akuthamanga, ali wefuwefu.

"Si mapaipi aja, alamu? Si aja ndinakuuzani?"

Darla anatembenuka pang'onopang'ono. "Adadi, munkadziwa?"

Munthu wosakhazikika uja anaima njii kwa nthawi yoyamba.

"Munkadziwa, n'kundikwezamo?" Misozi inali mbwembwembwe, koma mawu sananjenjemere. Anakwinya diresi lake n'kugwira mkono wa Dewey. "Malume, tiyeni. Mundilowetsa ndinu."

Ine ndinali m'tchalitchimo, ndipo kunena zoona ndinamumvera chisoni Wendell. Analowa mochedwa, wapansi, nsapato zili matope, n'kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ali pomwepo anaona mwana wake akuperekedwa ndi dzanja la mwamuna wina. Kumunda kuja galimoto inali ikunyezimirabe padzuwa, maliboni akuuluzika. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.