Mkamwini wa ku Nthanda

Kalekale, kale lija kumwamba kunali pafupi ngati denga la khola, nyenyezi ya Nthanda, yotuluka m'bandakucha ija, inali mudzi. Mudzi weniweni, wa mitengo, mitsinje, mbuzi ndi nkhuku. Anthu ankakwerako pa chingwe cha luzi chomangidwa pamwamba pa phiri la kumeneko.

Ndiye panali mwamuna wa pansi pano, Kadzamira, wootcha makala. Anakwera chingwe, anakwatira Nangozo, anakhala pa chikamwini. Anabereka mwana wamkazi, Mwandida.

Kadzamira ankaopa apongozi ake aakazi kuposa mkango. Mwambo mukuudziwa: mkamwini akakumana ndi apongozi panjira, apatuke, agwade, maso pansi. Koma iyeyu ankaonjeza. Akangomva chifuwa chawo, khoo khoo, iye phaa, kutchire! Tsiku lina anathawira m'chitedze, anadzikanda mpaka kutuwa ngati chinangwa.

Anafuna kuonetsa kuti si mkamwini wodya zaulere. Nkhwangwa go! go! go! Mtengo khuu! Uvuni uku, uvuni uko, mauvuni kuchuluka kuposa nyumba.

Apongozi ankadziwa kanthu. Moto umapuma. Utsi timauona, umapita. Koma kumbuyo kwake kumatsala mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, wolemera, umene a sukulu amautcha kabonidayokisaidi, dzina lothyola lilime. Mitengo ndiyo imaumwa mpweyawo.

Nanga amuuze bwanji mkamwini? Anafika pafupi ndi uvuni, anayang'ana kumbali, analankhula ndi chitsa mokweza.

"Iwe chitsa, ukawauze eni nkhwangwa kuti mitengo imene akudulayo ndi yomwe imatimwera mpweya."

Chitsa chinamva. Kadzamira sanamve. Anali atathawa kalekale, fumbi kobo.

Apongozi anatuma mwana wawo Nangozo kukamuuza za mpweyawo. Kadzamira anaseka mpaka kugwa chagada, akufunsa kuti chinthu chosaoneka chinathyolapo mwendo wa ndani.

Nkhwangwa go! go! go! Mtengo khuu!

Mpweya uja unafunda mudzi ngati bulangete. Kutentha kwa dzuwa kumalowa, koma osatuluka. Chimanga chinathetheka chili m'munda, mbuliwuli mbwee! Nkhuku zinayamba kuikira mazira owiritsa kale. Anthu ankaseka.

Kenako kuseka kunatha.

Anapiye a kudambo anagona, osadzuka. Nkhuku zinagona, osadzuka. Agalu anagona, osadzuka. Palibe bala, palibe magazi. Kungogona basi.

Kadzamira anatenga chikuni choyaka, anachitsitsa pang'onopang'ono. Pachifuwa, chikuyaka. M'chiuno, chikuyaka. Pabondo, zii, chazima, chakumana ndi mpweya uja.

Kutacha anayesanso. Pachifuwa, chikuyaka. M'chiuno, chikuphethira. Pantchafu, zii.

Chinthucho chinali kukwera.

Anatembenuka kuyang'ana Mwandida. Mutu wa mwanayo unkalekeza m'chiuno mwa bambo ake.

Anamunyamula, anamukhazika paphewa. Mudzi wonse unali utayamba kale kuthawira kuphiri, kuchingwe. Anauza Nangozo kuti atsogole ndi anthuwo, iye abwera m'mbuyo ndi mwana.

Njira ya kuphiri inali kamzere kopapatiza, ka munthu mmodzi. Uku chigwembe, uko chigwembe, zonse zodzaza ndi chinthu chija. Mbalame ikauluka motsika, thapsa. Kadzamira ankayenda chonyang'ama, khosi atalisolola ngati kakowa, mwana ali m'mwamba.

Pakatikati pa njira anamva: khoo khoo.

Apongozi. Anali atafika kale kuphiri, koma posamuona mdzukulu wawo anabwerera kudzamufuna, akukoka mwendo wawo wodwala.

Miyendo ya Kadzamira inaidziwa ntchito yake, sinafunse mutu. Phazi linayamba kupatuka. Mawondo anayamba kupindika. Mwana paphewa anayamba kutsika, kutsika, kulowera kuchigwembe.

"Ababa, ndili ndi tulo," anatero Mwandida.

Apo apongozi anamuyang'ana Kadzamira m'maso, koyamba chikwatirire.

"Bambo a Mwandida, imani chilili. Mukagwada, mwandiphera mwana."

Kadzamira anaima chilili, mwana anamugwiritsitsa.

Kuti apongozi atembenuke atsogole, mwendo unali wokoka, ndipo chinthu chija chinali chitayamba kusefukira m'njira. Kuti apanikizane adutsane, malo panalibe.

Apongozi anamangitsa nsalu yawo. Anapatuka okha. Anatsikira m'chigwembe mwaulemu wake, monga amachitira wolemekeza mkamwini. Mawondo analowa. Chiuno chinalowa. Maso awo anali pa mdzukulu.

Kadzamira anadutsa. Kumbuyo anamva khoo, kamodzi kokha.

Kenako zii.

Anathamanga osacheuka. Anafika pachingwe, anatsika, mwana atamukolekera m'khosi. Atangoponda pansi pano, chingwe chinagwira moto ndi kutentha kwa ku Nthanda, psuu, phulusa linawagwera kumutu. Nangozo anawerenga nkhope za otsikawo, anabwerezanso, kenako anafunsa mwamuna wake za mayi ake. Kadzamira anangoloza kumwamba.

Mwandida anadzuka. Anakula, anabereka ake.

Nthanda ilipo mpaka lero. Mukaiona ikuwala m'bandakucha mumati yakongola. Si kukongola kumene kuja. Ndi uvuni wofunda bulangete lake, wosalowa munthu, wosamera udzu.

Kadzamira nkhwangwa anaiponya m'dziwe. Anakalamba akubzala mitengo. Wamkulu akamalankhula, iye ankasendera pafupi, makutu tcheru, chifukwa anaona kuti ulemu wothawa nawo mawu umaika munthu m'manda. Ndipo m'mawa uliwonse ankatenga chikuni choyaka n'kuchitsitsa. Pachifuwa. M'chiuno. Pabondo. Chikayakabe, ndiye ankalola adzukulu kutuluka panja.

Inu otsokomola utsi wa makala inu, yanga nthano yathera pomwepo. Chikunicho katsitseni nokha.