Ndani Atche Dzina Mwana wa Dafuleni?

Nkhani iyi ndinaimva koyamba pakati pa Balaka ndi Salima, zaka zija ndinkayendayenda m'misika ndi kachikwama ka mapulayala, ndikukonza mawailesi. Tinakwera lole ya madeya, tayala n'kuphulika, dalaivala n'kupita kukalimatitsa, ife n'kutsala pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wogulitsa mbatata ndiye anaifotokoza. Tinakangana mpaka tayala linabwera, ndipo titakwera tinapitiriza kukangana. Maulendo ankakoma masiku amenewo, anthu osadziwana ankasiyana ali pachibale. Tsono inu amene mwandilandira pakhomo pano, tcherani khutu.

Kalekale, koma osati kale la zikopa ndi mikondo, pakuti mafoni a m'manja anali atafika kale, kumapiri a ku Dedza kunali munthu wina dzina lake Dafuleni. Anali ndi kapikapu kokalamba kamene ankanyamulira mbatata ya kachewere ndi matimati kupita nazo kumsika. Mkazi wake anali Nachisale. Anamutenga chitengwa n'kukakhala naye kumunsi kwa phiri, kufupi ndi sukulu, ndipo anali ndi ana awiri, mtsikana Elube ndi kamlongo kake Chimango. Wachitatu anali m'njira, pakati pankangoyamba kuoneka.

Nachisale anali ndi alongo atatu. Wamkulu anali Lufeyo, munthu wosaseka wamba. Wapakati anali Waisoni, mlimi wofatsa amene ankakonda ng'ombe zake ndi mowa wamasese. Wotsiriza anali Kenala, wakabaza wa njinga yamoto, pakamwa posatseka. Iyeyu mowa sankamwa, koma kuthirira ena ndiye ankakudziwa.

Chaka chimenecho banja linamanga chiliza cha mayi awo, ndipo mchenga, njerwa ndi simenti anatuta ndi Dafuleni pagalimoto yake, osadandaula. Tsiku lotsegulira chiliza mowa unafulidwa. Kumudzi kumeneko chipanda choyamba chimapita kwa mkamwini amene wakhetsa thukuta kuposa onse, ndipo amapereka ndi mwini mbumba. Tsono malume a Nachisale, omwe anali mwini mbumba, anaitana Dafuleni pakati pa bwalo.

"Akamwini, mwatichotsa manyazi. Landirani."

Dafuleni ankadziwa kuti madzulo ayenera kutsika phiri ndi ana, pakuti mawa lake kunali sukulu. Koma kukana chipanda cha mwini mbumba anthu akuona ndiko kunena kuti mowa wa kwa apongozi uli ndi mankhwala. Anagwada, n'kumwa, amayi n'kululutira.

Chipanda chimenecho chinali cha mwambo. Zotsatirazo zinali zake. Kenala anabwera ndi botolo la kachasu.

"Alamu, mukumwa ngati timba chonchi, achemwali anakuletsani? Musaope, ndawatuma kumadzi."

"Iwe mwana, ine ndinayamba kumwa iwe ukukodzera pamphasa. Thira."

Dzuwa litapendeka Dafuleni anakweza ana kutsogolo kwa galimoto. Nachisale anali kumtsinje ndi amayi anzake kutsuka miphika, ndipo iye anali woti agona konko. Lufeyo anaima pachitseko.

"Alamu, ndipatseni makiyi. Gonani, munyamuke m'mamawa."

"Msewu uwu ndingauyende nditatsinzina, alamu."

"Ndiye mwatsinzina kale."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamuwawa Dafuleni kuposa mawuwo. Analiza injini. Lufeyo anatsegula chitseko kuti atsitse ana, koma malume aja anamukalipira: "Munthu tangomulemekeza pano, iwe ukufuna umuvule pagulu? Tseka chitseko icho." Lufeyo anatseka, galimoto n'kuchoka.

Tsono onani zimene anachita alamu atatuwa.

Lufeyo anazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira foni apolisi a pamsewu amene ankakhala kumunsi kwa phiri. Anati, "Ndikunena mlamu wanga weniweni, mwamuna wa mlongo wanga. Waledzera, ndipo wanyamula ana awiri. Musamudikire pamenepo. Kwerani mukakumane naye, pali mlatho woipa." Chikhalire mudzi umenewo palibe amene anaperekapo m'bale wake kupolisi. Nkhani zonse ankazithetsa pabwalo. Lufeyo ankadziwa kuti dzina limene amupatse silidzachoka.

Kenala anayang'ana botolo lopanda kanthu lili pansi, nthabwala n'kumuthera. Anakwera njinga yake n'kulondola fumbi. Dafuleni ankakumbukira pang'ono pokha za ulendowo. Ankakumbukira Chimango akuimba nyimbo ya kusukulu, chiwongolero chikupepuka m'manja pokhota, kenako madzi ozizira m'khosi ndi mawu a Elube akuti, "Ababa, ababa." Galimoto inaphonya mlatho n'kugona cham'mbali mumtsinje, mwendo wa Dafuleni utapanikizika. Ana ake anali pafupi moti akanatha kuwakhudza, koma manja ake sankamumvera. Kenala anatsika chigwembe akuthamanga, n'kuswa galasi ndi mwala, n'kutulutsa Elube. Anamira kachiwiri n'kutuluka ndi Chimango ali lende. Anam'finya pachifuwa mpaka mwana anasanza madzi, n'kumanga bala la pantchafu ndi mphira womangira katundu. Pomaliza anakoka mlamu wake.

Koma mwana ankatayabe magazi, ndipo sakanatheka kunyamulidwa panjinga. Linali Lamulungu, msewu uli zii. Pamenepo ndi pomwe inatulukira galimoto ya apolisi, yobwera chifukwa cha foni ija. Anathamangira naye Chimango kuchipatala, ndipo adokotala anati akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi akukonza maliro. Apolisi omwewo anamupatsa Dafuleni kachipangizo kouzira mpweya, n'kumumanga unyolo ali pabedi la m'chipatala.

Kukhoti woweruza anali mayi wovala magalasi, wolankhula motsitsa. Dafuleni anayesa kufotokoza za chiliza, za mwini mbumba, za chipanda chosakanika. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chipanda anakupatsani ndi malume, ndamva. Nanga makiyi anakuikani m'manja ndani?"

Mayiyo anapitiriza.

"Kuyendetsa galimoto mutaledzera ndi mlandu kale. Koma munthu wamkulu akaona dalaivala akudzandira amatha kukana kukwera. Ana awa akanakana bwanji bambo awo? Ndicho chifukwa chake mlandu wanu ukulemera."

Anamulamula kukakhala kundende, laisensi anamulanda kwa zaka, ndipo anati a zosamalira ana adzafufuze ngati n'koyenera kuti anawo adzakhalenso m'nyumba imodzi ndi iye. Kapikapu kaja anakagula ogula zitsulo zakutha.

Nanga Waisoni? Pamene ana ankamira iye anali mtulo pansi pa ngolo yake, mowa utamukwana. Anamva zonse m'mawa. Koma banja litakhala pansi kuti ukwati uthe, ena akuti ana ndi athu, munthuyu abwerere kwawo akatuluka, Waisoni amene sankalankhula pagulu anaimirira.

"Chipanda tinamupatsa ndife. Kachasu anathira ndi wathu. Chitseko anatseketsa ndi malume. Lero tikufuna titaye munthu mmodzi kuti tonse tioneke oyera?"

Anatenga Nachisale ndi ana n'kuwapatsa nyumba yake, iye n'kumagona kukhitchini. Ankanyamula Chimango panjinga yakapalasa kukatsukitsa bala mpaka linapola. Ankapita kundende ndi ufa ndi nyemba, n'kumamuuza mlamu wake kuti mnyamata wayamba kuponda pansi, lero wathamangitsa nkhuku. Tsiku lina anabwera ndi Elube. Mtsikanayo anaima kumbuyo kwa malume ake, osafuna kuyang'ana bambo ake, ndipo Waisoni sanamukakamize. Anangobweranso naye ulendo wina, ndi winanso, mpaka tsiku limene Elube anatambasula dzanja yekha n'kupereka chimanga chowotcha. A zosamalira ana atabwera, Waisoni anawauza kuti, "Mlamu wanga adzakhala pakhomo panga, m'maso mwanga. Akadzalakwanso mudzamange ine."

Miyezi yoyamba kundende Dafuleni ankatukwana Lufeyo mumtima. Ankati mlamu wanji woitanira mnzake unyolo. Koma m'chipinda chawo munali mkulu wina amene ankagona moyang'ana kukhoma, osadya bwino, osayankha moni. Anzake anamunong'oneza Dafuleni kuti mlandu wa mkuluyo ndi ngati wake, kusiyana kwake n'kwakuti kwa iyeyo panalibe woimba foni, ndipo mwana anamuika m'manda iye ali m'chitokosi. Kuyambira tsiku limenelo Dafuleni akatchula dzina la Lufeyo ankalitchula m'pemphero.

Anatuluka nyengo yokumba kachewere. Anafika kwa Waisoni wapansi, atanyamula kajumbo, ndipo Chimango anamuthamangira akutsimphina pang'ono. Dafuleni anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kumukumbatira. M'nyumba munkamveka kulira kwa khanda. Nachisale anali m'chikuta, atabereka mwana wamkazi masiku ochepa apitawo.

Dzina la mwana ameneyu linali loti litchulidwe ndi bambo ake. Koma Dafuleni anauza mkazi wake ali pakhomo la chikuta kuti, "Ine ndilibe pakamwa potchulira dzina. Galimoto ndilibe, mbuzi ndilibe, chimene ndatsala nacho ndi ulemu umenewu. Ndiupereka kwa mlamu amene wandisungira ana."

"Uti?" anafunsa Nachisale.



Inu mukudziwa kuti wotcha dzina amakhala mmodzi. Mwana amakula akudziwa kuti uyu ndiye anandipatsa dzina, ndipo mudzi wonse umadziwa amene bambo wamuika patsogolo. Dafuleni anaganiza zowayendera mmodzimmodzi, kuti mwina mtima umuuza.

Anapeza Lufeyo akusema mpini. Anagwada. "Alamu, ndinakudani, ndikhululukireni. Popanda foni ija bwenzi Chimango tikumutchula kuti malemu."

"Dzukani, anthu akuona," anatero Lufeyo. "Mpaka lero kumowa amanditchula kuti Apolisi, ndipo malume sandiyankha moni. Ndazolowera. Koma mudziwe kuti mukadzabwereza ndidzaimbanso."

Anapeza Kenala pa siteji ya kabaza. Dzanja lake linali ndi zipsera za galasi, zala ziwiri zosapindika.

"Alamu, mwanenepa bwanji? Kodi kuja amaphika ndi mafuta?" Anaseka, kenako kuseka kunazima. "Musandithokoze. Ine ndinavuula zimene ndinamiza ndekha."

"Unathira m'kapu, sunathire m'kamwa mwanga," anayankha Dafuleni. "M'madzi muja munalibe wina. Unalimo ndiwe."

Anapeza Waisoni akumanga ng'ombe pagoli. Asanagwade, Waisoni anamupatsa chikwapu.

"Ngolo iyi siifuna laisensi. Kachewere akudikira kumunda, tidzagawana. Za kuthokozazo zisiyeni, ine ndinali mtulo ana akumira."

Dafuleni anabwerera mtima utadzaza kuposa poyamba, koma yankho analibe. Mudzi nawo unagawikana. Ena ankati Lufeyo, pakuti ndiye yekha anaona ngozi isanachitike, n'kulolera kudedwa ndi abale. Anzawo ankayankha kuti foni siitulutsa mwana m'madzi, ndipo apolisi akanapeza mitembo. Ena ankati Kenala, amene anaika moyo wake pachiswe. Anzawo ankati wotentha tchire sathokozedwa pozimitsa moto. Ena ankati Waisoni, pakuti kulimba mtima kwa tsiku limodzi n'kosavuta kuyerekeza ndi kudyetsa banja la mwini miyezi yonse ija, ndipo popanda iye mwanayu akanabadwira m'banja lotha. Anzawo ankati Waisoni anasunga ana amene ena anali atawapulumutsa kale. Elube ankati amalume a Kenala, chifukwa ndi nkhope imene anaiona galasi litasweka. Chimango ankati amalume a Waisoni, chifukwa ankamugulira zitumbuwa pochokera kuchipatala. Nachisale sananene poyera, koma anthu anaona kuti phala lotentha loyamba ankalitumiza kwa Lufeyo.

Mchombo unagwa, tsiku lotuluka m'chikuta linafika. Amayi anasesa pabwalo, n'kuyala mphasa, alamu atatu aja n'kukhala moyandikana. Azamba anatuluka ndi mwana n'kumuika m'manja mwa Dafuleni. Anthu anadikira kuti aone amene amulandire. Dafuleni anayang'ana Lufeyo, n'kuyang'ana Kenala, n'kuyang'ana Waisoni, misozi ili m'maso, mwana akuphiriphitha m'nsalu.

Ine ndilekera pomwepa. Ayi mayi, musandithirire tiyi wina, zikomo kwambiri, mwandisunga bwino. Ndikudziwa kuti kukadali kumadzulo, koma miyendo yanga ikakhala malo amodzi imayamba kuyabwa, ndipo ndamva kuti ku Mchinji akufuna ofolera nyumba mvula isanagwe. Mnyamata iwe, tandipatsira chipewa changa icho. Nkhaniyi ndikusiyirani inu otsala, muigawane bwino, musamenyane.

Mwana uja akadali m'manja mwa bambo ake, wopanda dzina. Pali amene anaitana apolisi, pali amene analowa m'madzi, pali amene anasunga khomo. Inuyo mukanakhala Dafuleni, mwanayo mukanamuika m'manja mwa ndani?