Mango Osapsa pa Mpanda wa a Chimkono

Ana inu, pali mwambi wina umene mukaumva mumaseka chifukwa umatchula za m'mimba. Sekani ndithu, koma amene zinamugwera sanaseke.

Munthuyo anali Yotamu Kaliza, mkamwini m'mudzi wina wa ku Dowa. Kale ankayendetsa chigayo pa esiteti, koma esitetiyo itatsekedwa anangokhala manja lende. Tsiku lina a Sinoya, malume a mkazi wake, anamuitanira pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu.

"Akamwini," anatero, "mvula ikagwa musanapeze chochita, mukapume kwanu. Mwana wathu ndi adzukuluwa tiwadyetsa tokha."

Yotamu anamva bwino lomwe kuti banja lake lili pa chiswe. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakum'mawa.

Mwamwayi, a Chimkono, wamalonda wa pamsika, anagula chigayo chatsopano. Atakumana ndi Yotamu panjira anamuuza kuti adzawapeze kunyumba Lachisanu m'mawa kuti adzakambirane za ntchito. Yotamu anakafotokozera msuweni wake Zuze, amene anakhalapo m'tauni pang'ono nabwerako ndi nzeru zambiri kuposa katundu.

"Usakaonetse njala, msuweni," anatero Zuze. "Bwana akaona kuti ntchito ukuifunitsitsa, amakuyesa kapolo. Ukangokhala poonekera, akakuitane yekha."

Malangizowa anamukomera Yotamu, pakuti chikamwini chinali chitamuzoloweza kale kukhala pambali ndi kudikira kuti eni mudzi ayambe kulankhula. Lachisanu litafika, mkazi wake Esinati anamuperekeza mpaka kumsewu.

"A bambo a Tiyamike, mukakafika kaneneni odi basi. Musakachite manyazi."

Iye anangogwedeza mutu. Anafika pa mpanda wa a Chimkono dzuwa lisanatenthe, napeza chitseko cha malata chili chotseka. Anakweza dzanja kuti agogode, koma mawu a Zuze anamubwerera. Anabweza dzanjalo nakakhala pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi zenera.

Dzuwa linakwera. Nsalu ya pazenera inagwedezeka, koma palibe anamuitana. Nthawi zonse akafuna kudzuka ankadziuza kuti adikire pang'ono. Popeza anachoka kunyumba osalawa kanthu, anathyola mango osapsa nayamba kudya, limodzi pambuyo pa linzake. Kutali kunamveka kugunda kwa mvula.

Chakumasana kunafika munthu wina pa njinga, thukuta lili kamukamu. Sanayang'ane uku ndi uku. Ananena odi, nalowa. Yotamu anamuseka mumtima kuti uyu ndiye wadzigulitsa motchipa, komabe mantha anamugwira.

Pamenepo mango aja anayamba ntchito yawo. M'mimba munapota, munapotanso. Yotamu anaunguza thengo, koma mbali zonse inali minda yolimidwa mizere, ndipo pa mjigo wapafupi panadzaza amayi. Anayesa kupirira, koma zinakanika. Kenaka anadzambatuka, nathamangira chitseko chija, nachikankha ndi phewa.

"Odi, bwana, pepani. Chimbudzi chili kuti?"

A Chimkono, amene anakhala pakhonde ndi mlendo uja, anangoloza kuseri. Yotamu atatuluka anaona mlendoyo atanyamula masipanala a chigayo m'manja.

"Bambo Kaliza," anatero a Chimkono mofatsa, "ine ndimafuna inuyo, chifukwa ntchito yanu ndimaidziwa. Ndakuonani pazenera kuyambira m'mawa. Ndinati ngati ntchito akuifuna agogoda, pakuti chigayo sichifuna munthu wodikira kuuzidwa. Mukanatsekula chitsekochi m'mawa monga mwachitsekulira tsopano, masipanalawa akanakhala anu."

Yotamu anagwada, nalankhula zonse zimene anazibisa tsiku lonse, za ana, za a Sinoya, za mvula. A Chimkono anamva chisoni, koma mawu anali atapereka kale kwa wina.

Mvula inamupeza panjira. Anafika kunyumba atanyowa, nafotokozera Esinati nkhani yonse. Esinati anati, misozi ikutsika, "M'mimba mutawawa simunadikire kuti wina akutsegulireni. Nanga ife sitimakupwetekani ngati mango?"

M'mawa mwake Yotamu anapinda mphasa yake nabwerera kwawo, Tiyamike akumuyang'ana pakhomo. Nkhaniyi inafala, ndipo anthu akaona munthu wovutika akudikira kuitanidwa ankati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Tanthauzo lake n'lakuti amene ali ndi vuto ndiye ayenera kuyamba kuchitapo kanthu. Sindikuti mukadzakula muzidzagona pakhomo pa bwana kapena kumutsata ngati ntchentche, ayi, zimenezo zimatopetsa. Koma akakuuzani kuti bwerani, pitani, nenani odi, ndipo nenani poyera kuti ntchitoyo mukuifuna. Amene ali m'kati sangamve kupota kwa m'mimba mwanu.