Maluwa m'dimba la a Felton

Matipate atangoyamba kumene, chaka chimene feteleza adakwera mtengo mpaka alimi kumangomuonera m'sitolo, mayi Kezia a ku Chisepo adabwera ndi njere za luseni kuchokera kwa alangizi. Luseniyu ndi kambewu ka masamba atatuatatu. Akakula umamugwetsa n'kumukwirira, akaola nthaka n'kunona. Adamufesa m'dimba mvula itatha, kuti akadzamukwirira adzadzalepo chimanga chowaolotsa Januwale, mwezi umene nkhokwe imakhala pululu.

Amuna awo, a Felton, poyamba ankangonyogodola. Koma luseni atabiriwira, kwina konse kutauma, n'kuchita timaluwa, bambo aja adasanduka mwini wake. Aliyense wodutsa ankamukodola kuti adzaone. Mbuzi zawo ziwiri, zimene ankazimwetera luseniyo pang'onopang'ono, zidasalala ngati zadzola mafuta.

"Bambo, nthawi yakwana. Tiyeni tikwirire," adatero mayi Kezia.

"Chinthu chamoyo, chokongola chonchi, tichiike m'manda? Mulibe chisoni inu."

"Nanga chimanga tidzala pati?"

"Pomwepo. Chimanga pakati, luseni m'mbali. Mbuzi zidye, ifenso tidye. Mutuwu si wovalira chipewa chokha ayi."

Mayi Kezia adawadziwa amuna awo kalekale. Adangoti chabwino, n'kukatenga mbewu.

Chimanga chidamera ndithu, koma luseni mizu yake ndi yozama, ndipo madzi sagawana ndi mlendo. Kuthirira m'mawa, masana nthaka ili gwa. Chimanga chidachita chikasu, n'kutulutsa ngayaye chikadali cholekeza m'mawondo. A Felton mtima udawapsa. Adalawirira mame asanaume, kumweta luseni yense, n'kukaunjikira mbuzi. Nayo mbuzi sidziwa kunena kuti ndakhuta. Pofika masana mbuzi yaikulu idatupa mimba ngati ng'oma, ndipo mpeni ndiwo udamaliza nkhani. Mudzi udadya nyama, anthu n'kumayamikira kuti inalidi yonona.

Januwale sadachedwe. M'nkhokwe mutatha, a Felton adanyamula khasu kukagwira ganyu kwa a Enoki, mnansi wawo amene adapempha njere zomwezo koma n'kukwirira luseni wake pa nthawi yake. Chimanga cha m'dimba mwawo chidabereka mochititsa kaso.

"Maluwa aja ali bwanji, achimwene?" adafunsa a Enoki, nkhope ili phee ngati sakudziwa kanthu.

"Ndionetseni popalira basi. Zinazo tidzakamba ndikakhuta."

Madzulo adabwerera ndi dengu la chimanga pamutu, manyazi atawagwira, akudzera kuseri kwa nyumba za anthu. Mayi Kezia adawatula, chifundo ndi phwete zikulimbana.

"Takulandirani, bambo. Ndaona lero mutu uja wapeza ntchito."

A Felton adafuna kukwiya, koma adapezeka akuseka nawo. "Chaka chino mukati tikwirire, ine ndizingofunsa kuti tiyambire mbali iti."

Akuluakulu sadaname: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.